Nyama Yotsukira Fumbi

Mutu 7

1. Mmene ankayezera ufa

Pageti la sukulu ya zaluso imene Yeom Dasom ankaphunzirako panali chikwangwani chachikulu cha nsalu. Ankalembapo mayina a ophunzira amene apeza ntchito asanamalize sukulu. Ahedi ankachikonda chikwangwanicho, moti mphepo ikachipinda ankatuluka okha mu ofesi kukachiwongola.

Chaka chomaliza chikafika pakati, ophunzira ankatumizidwa kumafakitale kukaphunzira ntchito. Amene wakondweretsa bwana ankalembedwa, dzina lake n'kukwera pachikwangwani. Amene wabwezedwa ankakhala mu laibulale mpaka chaka chithe, pampando wa pazenera, pamene ana a makalasi apansi ankamuona bwino podutsa.

Dasom ndi mnzake Yeri anatumizidwa kufakitale ya a Gu, mumzinda wa Siheung. Kumeneko ankapanga ufa wa chitsulo chotchedwa nikelo, umene umagulidwa ndi opanga tizipangizo ta m'mafoni. Unali ufa wakuda, wosalala kuposa mwaye. Ukautapa ndi kasipuni, wina unkagwera m'botolo, wina unkangosowa mumpweya.

Atsikana anali awiri koma malo a ntchito anali amodzi. A Gu anati adzasankha chisanu chikayamba. Mayi a Dasom, amene ankatsuka mbale kumalo ena odyera, sanadikire chisanucho. Anali atauza kale anzawo onse kuti mwana wawo walowa kampani.

A Gu anali mwini fakitale, analinso wapampando wa bungwe la opanga ufa wa zitsulo m'deralo, bungwe la mamembala anayi. Mu ofesi mwawo, pansanjika yapamwamba, munali chithunzi chawo akulandira mphoto ya bungwelo. Munalinso makina awiri oyeretsa mpweya, amene ankalira tsiku lonse.

"Ine ufa umenewu ndinayamba kuupuma makolo anu ali pachibwenzi," ankatero akatsika, ataima pakhomo la chipinda cha sikelo, miyendo yonse ili kunja. "Ndilozereni pamene ndadwala."

Chipinda cha sikelo chinali chaching'ono, chopanda zenera. Pamwamba pa tebulo panali fani yokoka fumbi. Dasom ndi amene ankatumizidwamo kawirikawiri chifukwa manja ake sankanjenjemera. Tsiku loyamba anamuphunzitsa ntchito ndi a Tak, bambo owonda amene anakalambira pafakitalepo.

"Kusukulu anakuuzani chiyani za fani?" anafunsa a Tak.

"Kuti tiziyatsa tisanatsekule botolo."

"Yatsa tione."

Dasom anayatsa. Mpweya utangoyamba kukokedwa, manambala a pasikelo anayamba kuvina, kukwera, kutsika, osakhazikika.

"Ukadikira kuti atope, galimoto yodzatenga katundu idzakupeza uli ndi imvi," anatero a Tak. "Zimitsa. Kukhosi kukayamba kukanda usadandaule. Loweruka tikasesa, bwana amatigulira nkhumba."

Aliyense pafakitalepo ankadziwa kuti mafuta a nkhumba amatsuka fumbi la kukhosi. Makolo awo ankatero pochokera m'migodi ya malasha, ndipo makolo sanama. Dasom anazimitsa fani, n'kukonza kapepala kake kophimba mphuno ndi kukamwa, n'kuyamba kuyeza.

2. Magolovesi a Mayi Bong

Choyamba chinali chimfine chosatha. Chinkayamba Lolemba, n'kuchepa Lamulungu. Kenako makutu anatupa pamene pankalowa ndolo, ndolo zomwezo zimene anavala kuyambira ali wamng'ono. Pambuyo pake pamimba, pamene batani la jinzi limakhudza khungu, panatuluka totupa tofiira toyabwa.

Dasom anauza aphunzitsi a Seok, amene ankayendera ophunzira a kumafakitale. Iwo anamumvera ali m'galimoto, injini ikulira.

"Miyezi yoyamba aliyense amamva kena kake," anatero. "Pirira. Munthu wa ntchito amadziwika ndi kupirira."

Loweruka lina atatha kusesa, Dasom anatsalira m'chipinda chosinthira zovala, akudzola mafuta pamimba. Sanaone kuti pabenchi la kuseri panakhala Mayi Bong.

Mayi Bong ankamata makatoni kuchipinda cholongedzera. Ankavala magolovesi oyera a thonje nthawi zonse, ngakhale pakudya, ndipo ankayenda ndi sipuni ndi timitengo todyera tamtengo m'kathumba ka nsalu. Zachitsulo zimene aliyense amadyera sankazigwira. Yeri ankati ndi matama chabe.

"Bwera kuno," anatero Mayi Bong. "Kweza malaya."

"Si kanthu, azakhali. Ndi thukuta."

"Thukuta m'chisanu chino, madzi akuundana m'mipope? Kweza."

Anayang'ana pamimba, anayang'ana makutu. Kenako anavula golovesi imodzi pang'onopang'ono, monga munthu wosenda bandeji. Dzanjalo linali lofiira, losweka m'mfundo za zala, khungu lokhuthala ngati khungwa.

"Khala pansi, mwanawe. Ndilankhula kamodzi, chifukwa kulankhula kumanditopetsa.

"Chipinda chimene ukuyezeramocho ndinakhalamo ine kuyambira chitangomangidwa. Sindine dokotala. Ndingokuuza zimene anandiuza dokotala, ndi zimene ndaona pathupi langa.

"Fumbi la mumsewu mphuno imaligwira. Umayetsemula, umamina, latha. Ufa wathuwu ndi waung'ono kwambiri. Umadutsa mphuno ngati pakhomo palibe munthu, n'kukafika kunsi kwenikweni kwa mapapo. Kapepala timavala kukamwaka umakalowera m'mbali.

"M'thupi muli asilikali oteteza munthu ku matenda. Zimenezo munaphunzira. Akapeza kachilombo amakameza n'kukapha, nkhondo n'kutha. Tsono chitsulo sichifa. Achimeza, chili chomwecho. Aitana anzawo, nawonso chawakanika. Ndiye amangokhalira kumenyana, ndipo pamene akumenyaniranapo pamatupa, pamatentha. Bwalo la nkhondoyo ndi chifuwa chako.

"Choipa koposa n'chakuti asilikaliwo saiwala. Unamuonapo galu amene anamenyedwa ndi munthu wovala chipewa? Amauwa aliyense wa chipewa, ngakhale abusa. Thupi langa linafika pamenepo. Likangomva nikelo limadzuka, ndipo chitsulo chimenechi chili ponseponse. Chili m'makiyi, m'zipi, m'ndalama zachitsulo, m'magalasi a maso. Mphete yaukwati ndinaivula mwamuna wanga akadali moyo. Amayi a kutchalitchi anapeza zokamba chaka chathunthu.

"Kukazizira chifuwa chimandilira ngati ketulo. Mankhwala oziziritsa alipo. Oiwalitsa thupi kulibe. Ena sichiwagwira pakhungu, monga a Tak, amene amangotsokomola n'kumati ndi fodya, pamene fodyayo anasiya kalekale. Iwe chakugwira msanga. Thupi lako layamba kale kuloweza dzina la mdani. Ukapitiriza kuliphunzitsa, lidzakhoza mayeso."

Dasom anatsitsa malaya.

"Nanga nkhumba, azakhali?"

"Nkhumba ndi yokoma. Imapita m'mimba. Ufa uli m'mapapo. Sindinamvepo kuti zinakumana."

"Munawauza a Gu?"

"Ndinawauza. Anati ndili ndi khungu la mwana wa nduna, n'kundisamutsira kumakatoni."

"Bwanji simunangochoka?"

"Ndinali ndi ana awiri pasukulu ndi mwamuna wogona pabedi. Iwe uli ndi chiyani?"

Dasom anafuna kutchula mayi ake ndi chikwangwani cha pageti. Koma zonse ziwiri zinaoneka zazing'ono pafupi ndi dzanja lija.

Mayi Bong anavala golovesi yawo n'kuimirira mogwira bondo.

"Usayembekezere kuti ndikulankhulira. Kwanditsalira pang'ono kuti ndipume pantchito, ndipo ndikufuna kupuma mwamtendere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiye, nyama ikutidikira."

3. Dzanja la bwana

Malo odyera nyamayo anali kuseri kwa fakitale, pafupi ndi malo ogulitsa matayala. Anavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi mozungulira matebulo aafupi okhala ndi mbaula pakati. A Gu anakhala kumutu, pansi pa kalendala. Atsikana awiri aja, pokhala aang'ono pa onse, anapatsidwa zopanira ndi sizasi kuti aziwotcha nyama ndi kuidula.

Utsi wa mafuta unadzaza chipinda. A Gu anaupuma mokhutira.

"Mankhwala ndi amenewa," anatero. "Madokotala amapita kunja kukaphunzira zaka khumi, n'kubwera osadziwa zimene agogo anga ankadziwa osaphunzira. Ndinanena zimenezi pamsonkhano wa bungwe, onse anavomereza."

"Onse atatu, bwana," anatero a Tak, akuwathirira mowa ndi manja awiri.

A Gu anagwedeza mutu, poganiza kuti ndi chiyamikiro.

Nyama itapsa, anatambasula tsamba la letesi pachikhatho. Anaikapo nthuli ziwiri, adyo wowotcha, tsabola ndi kabichi wowawasa wotchedwa kimchi, n'kukulunga mosamala. Anthu anasiya kutafuna. Bwana akakulunga nyama ndi dzanja lake n'kuika m'kamwa mwa munthu, ndiye kuti wamusankha, ndipo palibe amene amatseka pakamwa.

"Ine anthu ndimawaona tsiku loyamba," anatero a Gu. "Mtsikana uyu sikelo imamumvera. Kuyambira Lolemba chipinda chija ndi chake, tsiku lonse, monga wantchito weniweni. Yeom Dasom, yasamula."

Anthu anawomba m'manja. Yeri nayenso anawomba, maso ali pambaula.

Dasom anaika zopanira pansi. Anagwada bwino n'kuweramitsa mutu.

"Bwana, ndathokoza kwambiri. Koma ndili ndi pempho."

Dzanja la a Gu linaima mumpweya.

"Ndikupempha kuti ndikamayeza, fani iziyaka. Komanso ndizivala chophimba nkhope cha zosefera, chimodzi mwa zija zili m'kabati ya mu ofesi."

"Zija ndi za tsiku lobwera oyendera a boma," anatero a Tak motsitsa mawu. "Zikatha tidzavala chiyani?"

Palibe anaseka. Msuzi unayamba kudontha pansi pa letesi, n'kutsetsereka mpaka pawotchi ya a Gu.

"Fani ikayaka tiyeza theka la zimene timayeza," anatero a Gu. "Wadwala?"

Dasom anakankhira tsitsi kumbuyo n'kuonetsa khutu.

"Ndolo za pamsika izo," anatero bambo wina kumapeto kwa tebulo. "Chibwenzi chako chiuze chizigula zagolide."

Apa anthu anaseka, chifukwa anali akusaka poseka. A Gu sanaseke.

"Ndani wakuuza kuti ndi ufa wanga?"

Dasom sanayang'ane kumene kunakhala Mayi Bong. Mayiwo anali akutola kimchi ndi timitengo tawo, mosafulumira.

"Palibe, bwana. Ndangoona kuti Lamulungu ndimapeza bwino."

"Ngakhale ine Lamulungu ndimapeza bwino," anatero a Gu. "Dziko lino linamangidwa ndi anthu amene sankafunsa kuti mpweya ndi wotani. Tikanadikira fani, bwenzi tikudyabe makungwa. Ana a masiku ano mukufuna ntchito iyambe yakupepesani musanaigwire."

Dzanja linali litatopa. Anayang'ana nyama ili m'manjayo, kenako anatembenukira kwa mtsikana winayo.

"Iwe, dzina lako ndani paja?"

"Yeri, bwana."

"Khungu lako n'lotani?"

"Labwinobwino, bwana."

"Yasamula."

Yeri anayasamula. Nyamayo inali yaikulu kuposa kamwa lake, moti anaphimba milomo ndi dzanja, masaya atafufuma, misozi ya adyo ikulengeza. Anawerama ali chitafunire. Anthu anawombanso m'manja, mocheperako.

"Nyama ikupserera," a Tak anauza Dasom.

Dasom anatola zopanira. Anawotcha mpaka mbale yomaliza, popeza sanauzidwe kuti asiye.

4. Pokwerera basi

Anatuluka dzuwa likupendeka. Mphepo yochokera kunyanja inkalowa m'makwalala a pakati pa mafakitale. Atsikana awiriwo ankakwera basi imodzi, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kuima pamodzi.

Dasom anafotokoza zonse zimene anamva kwa Mayi Bong. Ananena za asilikali, za galu wa chipewa, za dzanja lija. Yeri anamvetsera akukankha mwala ndi nsapato.

"Wamaliza?" anafunsa.

"Usalowemo fani ili yozima."

"Azakhali a Bong ali moyo ndipo ali pantchito. Abambo anga mapapo awo ndi oyera ngati a khanda, koma chaka chino n'chachiwiri akuonera wailesi yakanema masana. Undiuze wodwala ndani."

"Sunawaone manja awo."

"Ndidzagula magolovesi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Dasom. Iwe unapatsidwa m'kamwa, n'kuyamba kulalikira."

"Sindinakane ntchito. Ndinapempha fani."

"Kwa a Gu n'chimodzimodzi. Ngakhale iwe ukudziwa."

Dasom ankadziwadi. Anapukuta mphuno n'kuyang'ana kumene basi imachokera. Ankaganiza mawu oti akauze mayi ake, koma onse amene ankabwera anali aatali.

Foni inalira m'thumba. Anali aphunzitsi a Seok. Iwo anazolowera kulankhula m'kalasi la ana makumi atatu, ndiye mawu awo ankamveka bwino ngakhale kwa munthu woima chapatali.

"Dasom, wachita chiyani?"

"Ndinangopempha, aphunzitsi."

"A Gu andiimbira. Akuti wawachititsa manyazi pamaso pa antchito awo, dzanja lili m'mwamba. Munthu wamkulu ngati uja. Ukudziwa kuti ndi wapampando?"

"Ndikudziwa."

"Tamvera bwino, chifukwa ndakhala ndi ahedi mpaka mutu ukundiwawa. Fakitale imeneyo yakhala ikutenga ana athu chaka ndi chaka. Ubale woterewu sumangidwa tsiku limodzi, koma mwana mmodzi akhoza kuugumula pa chakudya chimodzi. Inu mumaganiza za lero lokha. Ife timaganiza za ana amene akubwera pambuyo panu, amene nawonso adzafuna kolowera. Iwe ntchito yakudutsa, zimenezo zatha. Mpando wako mu laibulale ulipo. Koma a Gu akuti Lolemba m'mawa upite ndi mayi ako, ukawerame pamaso pa antchito onse, ukanene kuti totupa tako ndi ta ndolo, ndipo ufa wawo sunalakwe. Ukatero nkhani yatha."

"Nanga ndikapanda kupita?"

Aphunzitsiwo anapuma mpweya wautali.

"Akuti sadzatenganso mwana wa sukulu yathu. Ayambira pa Yeri. Ganizira mnzako. Lolemba m'mawa."

Foni inaduka.

Yeri anali atasiya kukankha mwala. Pamlomo pake panali patatsalira mafuta a nyama, ndipo nkhope yake inkaoneka ya mwana wamng'ono kuposa mmene inalili m'mawa.

"Ukapepesa, eti?" anafunsa.

Basi inafika n'kuima. Chitseko chinatseguka, mpweya wofunda n'kutuluka. Palibe amene anasuntha.

"Dasom. Ndi mawu awiri okha. Ukapepesa, eti?"

Dalaivala anawayang'ana onse awiri, dzanja lili pa batani la chitseko.

"Atsikana inu," anatero motopa, "mukukwera kapena mukutsala?"